Njinga za Cruiser Pamsewu Waukulu: Mlandu Si wa Injini

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

 Lero tili pa njinga zamoto, koma osati za kabaza zimene tazolowera kuziona pasiteji ayi. Tikunena zija zazitali, zotsika, zolemera, zachitsulo chonyezimira, zimene woyendetsa amatambasulira miyendo kutsogolo, manja ali pa mahandulo aakulu. Amazitcha cruiser.

Dandaulo la eni njinga zimenezi ndi limodzi, kaya ku Texas, ku Johannesburg kapena kwathu kuno. M'tauni njinga imayenda mokoma, aliyense amacheuka. Koma ukangoilowetsa mumsewu waukulu n'kufika pa makilomita 110 kapena 120 pa ola, pasanathe ola manja achita dzanzi, khosi lauma, msana ukuwawa, magalasi oonera kumbuyo akunjenjemera moti galimoto imene ikukutsata sukuiona bwino. Mwini wake amatsika n'kugamula kuti injini yachepa, mawa lake ali kwa makaniko kukafunsa mtengo wa ekizozi yaphokoso. Ine ndikuti tiyambe tafufuza, chifukwa nthawi zambiri injini ilibe mlandu.

Kwawo kwa njinga izi ndi ku America. Kampani ya Indian inayamba mu 1901 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, ndipo Harley-Davidson inatsatira mu 1903 ku Milwaukee. Kaonekedwe kamene lero timati cruiser kanakhazikika pa njinga za makampani amenewa kuyambira cha m'ma 1930 mpaka m'ma 1950. Tsono taonani: lamulo lomanga misewu ikuluikulu ya Interstate, imene munthu amathamangamo tsiku lonse osaima, Pulezidenti Eisenhower analisaina mu 1956. Ndiye kuti kakhalidwe ka panjingapo kanabadwa misewu yothamangayo isanabwere.

Makampani a ku Japan ataona msika anabwera ndi zawo: Yamaha Virago mu 1981, Honda Shadow mu 1983, kenako Suzuki Intruder ndi Kawasaki Vulcan. Nthawi imeneyo Harley-Davidson inali pamavuto a zachuma, ndipo inapempha boma kuti liiteteze. Mu 1983 Pulezidenti Reagan anaika msonkho waukulu pa njinga zochokera kunja za injini yoposa 700cc. A ku Japan anapeza njira yozembera. Anangochepetsa injini pang'ono, Shadow ya 750 n'kusanduka ya 700, msonkho n'kuudutsa pansi. Harley yomweyo ndi imene inapempha mu 1987 kuti msonkhowo uchotsedwe, itaimanso pa miyendo yake.

Ku Japan komweko kuli laisensi imene imalekezera pa 400cc. N'chifukwa chake inu amene mumaitanitsa njinga zakale kuchokera kumeneko mumakumana ndi Steed 400, Shadow 400 ndi Drag Star 400. Thupi lake ndi lalikulu ngati la azikulu ake, kulemera kwake sikusiyana kwenikweni, koma injini ndi yaing'ono. Pachithunzi cha pa intaneti simungazisiyanitse. Mudzazisiyanitsa pamtunda wa ku Dedza mutanyamula munthu kumbuyo.

Nambala ya cc, choncho, nthawi zina imachokera kwa wamsonkho kapena ku ofesi ya malaisensi. Ndipo ngakhale ikhale yaikulu, siikuuzani zonse. Kawasaki Vulcan 900 ili ndi injini ya 903cc, mphamvu yake ndi horsepower pafupifupi 50. Mng'ono wake Vulcan S, imene inatuluka mu 2015, ili ndi 649cc yokha koma imafika pafupifupi 60, chifukwa injini yake anaitenga ku njinga yothamanga ya Ninja 650. Honda Rebel 500 ndi Shadow 750 mphamvu zake zimangofanana, m'ma 45, pamene Rebel ndi yopepuka ndi makilogalamu oposa 50. Injini ya V-twin yachikale anaipanga kuti izikoka mwamphamvu ikuzungulira pang'onopang'ono. Ponyamuka pa maloboti imakoma. Ikazungulira kwambiri imatha mpweya msanga n'kuyamba kunjenjemera.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tiyeni tsopano kwa mdani weniweni, mphepo. Apa pali masamu pang'ono, pirirani nane. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuti muiboole mphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu. Kuchoka pa 80 kufika pa 120 mwawonjezera liwiro ndi theka lokha, koma mphepo ikukukankhani kuposa kawiri, ndipo injini ikufunika kutulutsa mphamvu yoposa katatu yolimbana ndi mphepoyo.

Ndiye ganizirani mmene munthu amakhalira pa cruiser: chifuwa chili chilili, manja atambasuka, miyendo yatanyula. Amene munanyamulapo lata panjinga yakapalasa tsiku la mwera mukudziwa zimene ndikunena. Pa cruiser, latalo ndi chifuwa chanu. Mphepo imakukankhirani kumbuyo, ndipo popeza mapazi ali kutsogolo, mulibe poponda kuti mudzitchinjirize. Chotsala ndi kukakamira mahandulo. Dzanzi lija limayambira pamenepo: mwafinya mahandulo amene akunjenjemera, kwa ola lathunthu.

N'chifukwa chake ndalama yoyamba ndikanaiika pa galasi lotchinga mphepo. Koma nalo lili ndi muyezo wake. Khalani panjinga mmene mumakhalira paulendo, osati modzikweza, mnzanu ayeze kuchokera pamwamba pa nyali mpaka pa mzere wa mphuno yanu. Pamenepo ndi pamene galasi liyenera kulekezera. Muziona msewu pamwamba pa galasi, osati kudzera m'galasi, chifukwa kukagwa mvula, kapena usiku tizilombo tikadzaza pamenepo n'kukumana ndi nyali za thiraki, simudzaona kanthu. Lipendekere kumbuyo mofanana ndi mmene mafoloko akutsogolo apendekera.

Ena amaika galasi n'kudabwa kuti zinthu zaipiraipira, chipewa chikugwedezeka ngati wina akuchimenya makofi, maso osaona bwino zikwangwani. Kawirikawiri mphepo imeneyo ikuchokera pansi, m'mbali mwa thanki, n'kukwera kuseri kwa galasi. Mutha kuipeza ndi dzanja: mukuyenda pamalo abata, sendezani dzanja lamanzere pang'onopang'ono pafupi ndi thanki, pamene kugwedezeka kwachepa ndi pamene mphepo ikulowera. Mankhwala ake ndi timapiko tiwiri tomangirira pa mafoloko, kapena kusiya kampata pansi pa galasi kuti mpweya uzidutsa. Komanso musagule galasi lalikulu ngati la minibasi. Galasi lomangirira ku mafoloko likamenyedwa ndi mphepo yam'mbali limakoka mahandulo. Ndi chifukwa chake okwera maulendo ataliatali amakangana za Harley ziwiri, Street Glide ndi Road Glide: yoyambayo chotchinga chake chimatembenuka ndi mahandulo, yachiwiriyo anachimangirira ku thupi la njinga, ndiye mphepo ya thiraki imakankha njinga yonse m'malo mopotoza chiwongolero.

Zina n'zotchipa mochititsa manyazi. Jekete yothina bwino m'malo mwa yokupiza. Chipewa chotseka nkhope yonse. Timapulagi ta m'makutu, chifukwa mkokomo wa mphepo pa liwiro lotere umatopetsa mutu ndipo pakapita zaka umagonthetsa.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Nkhani yachiwiri ndi magiya, ndipo apa ndi pamene njinga zimasiyanadi. Mukamayerekeza cruiser ziwiri, funsani mafunso awiri musanafunse za cc. Ili ndi magiya angati? Nanga tayala lakumbuyo limayendetsedwa ndi chiyani: tcheni, lamba kapena shafuti?

Honda Shadow VLX 600, makamaka zimene zinagulitsidwa ku America, zili ndi magiya anayi okha. Mukafika pa 110 phazi limafunafuna giya ina, koma kulibe. Shadow 750, Yamaha V-Star 650, Suzuki Boulevard C50, Vulcan 900 ndi Harley Sportster 883 zonse zili ndi asanu. Rebel 500, Vulcan S ndi Royal Enfield Super Meteor 650 zili ndi asanu ndi imodzi. Harley nayo inaika giya yachisanu ndi chimodzi pa njinga zake zikuluzikulu mu 2006 ndi 2007. Ntchito ya giya yomalizayo si kuthamangitsa njinga ayi. Ntchito yake ndi kutsitsa kuzungulira kwa injini, rpm, kuti pa liwiro lomwelo injini izipuma, kunjenjemera kuchepe, mafuta asungike.

Ngati njinga yanu ndi ya tcheni, muli ndi mwayi, chifukwa mutha kusintha zimenezi ndi ndalama yochepa. Tinene kuti sipuloketi yakutsogolo ili ndi mano 16, yakumbuyo 44. Gawani 44 ndi 16, mupeza 2.75. Ndiye kuti yakutsogolo imazungulira kawiri ndi magawo atatu a magawo anayi kuti tayala lizungulire kamodzi. Ikani yakutsogolo ya mano 17, yankho likhala 2.59. Mwatsitsa kuzungulira kwa injini ndi pafupifupi 6 peresenti. Injini imene imalira pa 5,000 rpm tsopano ili pa 4,700 pa liwiro lomwelo. Pakamwa zikumveka zochepa, koma injini zambiri zili ndi malo amodzi pamene zimanjenjemera kwambiri, ndipo 300 imeneyo ikhoza kukuchotsani pamalopo. Dzino limodzi kutsogolo ndi lofanana ndi mano pafupifupi atatu kumbuyo, choncho ngati kutsogolo kulibe mpata, chepetsani yakumbuyo ifike pa 41.

Koma palibe chaulere. Chimene mwapeza pamsewu waukulu mwachilipira ponyamuka. Njinga idzanyamuka mwaulesi, kilatchi idzagwira ntchito yochuluka m'mizere ya m'tauni, ndipo pamtunda kapena poyang'anizana ndi mphepo mudzatsika giya pamene kale simunkatsika. Pa Steed 400 ija, mukapitirira muyezo, liwiro lomalizira likhoza kutsika, chifukwa injini ilibe mphamvu yokoka giya yolemera choncho. Yambani ndi dzino limodzi. Sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, popeza tcheni yakale imadya mano atsopano. Ndipo ngati wotchi ya liwiro imawerengera ku giyabokosi, dziwani kuti tsopano ikunama: mukuthamanga kuposa mmene ikuonetsera. Yesani ndi GPS ya pafoni apolisi asanakuyeseni ndi kamera yawo.

Lamba, monga wa Sportster ndi Vulcan 900, ndi waukhondo, safuna girizi, amakhala zaka. Mapule ake amasinthika koma ndi okwera mtengo, ndipo lamba amadana ndi miyala. Kamwala kakalowa pakati pa lamba ndi pule kamamuboola, zimene ndi zofunika kuziganizira ngati kunyumba kwanu mumafika pamsewu wafumbi.

Shafuti ndiye nkhani ina. Shadow 750 Aero, V-Star 650 ndi Boulevard C50 zimayendera shafuti. Ogulitsa adzakuuzani kuti ubwino wake ndi woti simudzaigwiranso kupatula kusintha oilo, ndipo akunena zoona. Chimene sakuuzani n'choti magiya amene mwagula ndi omwewo mpaka kalekale. Alipo amene amaika tayala lakumbuyo lalitaliko pang'ono, ena amachotsa mutu wonse wa shafuti n'kuika wa njinga yaikulu, koma imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa ndiponso ya thumba lolemera. Ngati V-Star 650 ikukulirirani pa 120, idzalira choncho. Pa 90 kapena 100 ndi njinga yokhulupirika kwabasi, ndipo ine sindingaichotsere ulemu. Ingodziwani chimene mukugula.

Musaiwale thanki. Harley Forty-Eight ndi yokongola, koma kathanki kake ndi ka malita osakwana 8. Rebel 500 imanyamula malita 11, Vulcan 900 malita 20. Tinene kuti njinga ikuyenda makilomita 20 pa lita. Forty-Eight yauma isanakwane makilomita 160, pamene kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa 300. Ndipo nonse mukudziwa kuti kwathu kuno si nthawi zonse pamene pampu imene mwaimapo imakhala ndi mafuta.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Liwiro la 120 limene ndakhala ndikutchula ndi la misewu imene lamulo limalola, monga N1 ndi N3 ku South Africa. Pa M1 yathu, pamene pali maenje, mbuzi, njinga za makala ndi misika yofika mpaka m'phula, chimene chingakupulumutseni ndi matayala, mabuleki ndi mashoko.

Pa 120 njinga imadutsa mamita 33 pa sekondi iliyonse, ndipo mtunda woimira ndi wotalika kuposa kawiri poyerekeza ndi pa 80. Pamene cruiser zambiri zapakati, za makilogalamu 250 kapena kuposa, zili ndi disiki imodzi yokha kutsogolo ndi buleki ya dramu kumbuyo. Ikani mapadi abwino. Sinthani mafuta a mabuleki zaka ziwiri zilizonse, chifukwa amayamwa chinyezi, ndipo akatentha potsika phiri chogwirira chimalowa mpaka ku handulo njinga osaima. Mapaipi a rabala okalamba amafufuma mukafinya. Olukidwa ndi waya amathetsa zimenezo. Ngati mukusankha pakati pa njinga ziwiri ndipo imodzi ili ndi ABS, kwa ine nkhani yatha.

Tayala lili ndi tsiku lobadwa. Yang'anani m'mbali mwake pamene palembedwa DOT, manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka. Mukaona 2314, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Njinga zambiri zochokera kunja zimafika mapanga a tayala akuoneka atsopano, chifukwa mwini wake ankangoitulutsa Lamlungu, koma rabala yauma gwa. Ikandeni ndi chikhadabo, muona timing'alu m'kati mwa mapangamo. Tayala lotere pamsewu wonyowa siligwira. Onaninso ngati mawilo ndi a masipoko, chifukwa ambiri otere amakhala ndi chubu, ndipo chubu ikabooka mpweya umatha mwadzidzidzi, pamene tayala lopanda chubu limaphwa pang'onopang'ono n'kukupatsani mpata woima. Mpweya muziyeza m'mawa tayala lisanatenthe. Njinga ikamagwedeza mutu pa liwiro, musanaganize zachilendo, onani mpweya ndi mabeyaring'i a pakhosi.

Tsopano msana uja. Kuti chishalo chikhale chotsika, opanga amafupikitsa mashoko akumbuyo. Pa Sportster zina zotsika, tayala lakumbuyo limakwera ndi kutsika masentimita osakwana asanu. Dzenje likaposa pamenepo, chotsalacho chimamwedwa ndi msana wanu, ndipo mapazi ali kutsogolo simungadzutse thupi kuti miyendo ilandire. Yambani ndi chaulere: mashoko ambiri ali ndi kolala yoimikira sipuling'i molingana ndi kulemera kwanu, ndipo anthu ambiri sanaigwirepo chigulire njinga. Zikakanika, mashoko ataliko pang'ono amasintha njinga kuposa china chilichonse chimene ndatchula kupatula galasi. Zopondera zapakati, pansi pa mawondo, ndi zabwino paulendo kuposa zakutsogolo. Mahandulo akhale oti manja ali m'munsi mwa mapewa, zigongono zopindika pang'ono. Aja aatali ngati munthu akuyanika zovala ndi a pachionetsero. Chishalo chokhala ndi kotsamira kumbuyo chimalandira mphepo imene manja anu akanalimbana nayo.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tafika pa ekizozi, imene ambiri amayambira. Ndaiika kumapeto dala. Ekizozi yotseguka payokha imawonjezera phokoso lambiri ndi mphamvu yochepa, ndipo nthawi zina imachotsa mphamvu ya pansi imene munaigulira njingayo. Paulendo wa maola anayi, phokoso limene limakoma pa maloboti limasanduka mutu waching'alang'ala.

Ngati mukufunabe, chitani zonse zitatu pamodzi: ekizozi, sefa ya mpweya, ndi kuchuna mafuta. Injini ikayamba kupuma mpweya wambiri mafuta ali omwewo, imatentha. Pa V-twin yozizira ndi mphepo, silinda yakumbuyo imakhala kale pamthunzi wa inzake, ndiye ndi imene imayamba kuvutika. Zizindikiro zake ndi kuphulikaphulika mukabweza moto, mapaipi osanduka abuluu pafupi ndi injini, ndi pulagi yoyera mbee m'malo mwa yofiirira. Pa njinga ya kabuleta amasintha majeti. Pa ya fuel injection amasintha pulogalamu ya mu kompyuta yake. Ndipo musakopere manambala a majeti kwa munthu wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, Dedza pafupifupi 1,600. Kumeneko mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse, ndipo kabuleta imafuna muyezo wina. Petulo wa ku Malawi nayenso ndi wosakaniza ndi ethanol, ndiye makaniko achune njinga ndi mafuta amene muziyendera.

Eni Sportster 883 ali ndi njira yotchuka yokulitsa injini kufika pa 1200, chifukwa injini ziwirizi zimasiyana makamaka kukula kwa masilinda ndi mapisitoni, kutalika kwa mpondo wa pisitoni n'kumodzi. Mphamvu yopitirira thiraki imabweradi. Koma rpm pa 120 siitsika ngakhale pang'ono mpaka mutasinthanso pule, popeza magiya ndi a 883 omwe aja. Ndipo ngati Sportster yanu ndi ya chaka cha 2003 kubwerera m'mbuyo, injini anaimangirira ku thupi la njinga popanda rabala. Zokhala pa rabala zinayamba mu 2004. Kunjenjemera kumeneko pisitoni yaikulu sikuchotsa. Mukakulitsa injini, adziwitseninso a inshuwalansi ndi olembetsa magalimoto, kuti mapepala agwirizane ndi chimene mukuyendetsa.

Musanalipire makaniko, lembani papepala mtengo wa zonse zimene mukufuna kusintha, muwonjeze pa mtengo umene njinga yanu ingagulidwe lero. Chiwerengerocho chikafika pa mtengo wa njinga ya magiya asanu ndi imodzi, ya ABS, ya thanki yaikulu, gulitsani yanuyo, chifukwa zokometsera sizibweza ndalama pogulitsa. Ndipo poyesa imene mukufuna kugula, musavomere kungozungulira kuseri kwa nyumba. Pemphani msewu wotseguka, ikani giya yomaliza, khalani pa liwiro limene muziyendera kwa mphindi 20. Yang'anani m'magalasi ngati mukutha kuzindikira mtundu wa galimoto ili kumbuyo. Masulani zala pang'ono, mumve ngati mphepo ikukuchotsani pachishalo. Bwezani moto mpaka pa 80, kenako kokani osatsika giya, muone kuti itenga nthawi yotani kubwerera pomwe inali. Wogulitsa akakana, pemphani kuti ayendetse yekha inu muli kumbuyo.

 

[NYIMBO YOTSEKERA]